Mutu 4: Galasi Lopinda Makoma

1. Chigwembe

"Bwerera m'mbuyo pang'ono."

"Ndabwerera."

"Bwereranso."

"Ukufuna ndigwere m'chigwembemu kuti kamerayi ikhale yako?"

"Kamera ya chiyani ine? Ndikufuna mkazi wanga wamoyo, azindiphikira."

Faines adatsitsa kamera n'kumukazira maso Gift. Gift adali msuweni wake, mwana wa azakhali ake a Roza, ndipo monga asuweni onse adali ndi ufulu womutchula mkazi wake osapereka ngakhale nkhuku. Ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Faines adali Folomu 3, ndipo sukulu idali itangotsekera.

Patsogolo pawo padali tchalitchi chatsopano cha pa Kanthungo, kufupi ndi Kasakula. Adachimanga ndi a Andireya, bambo a Faines. Chidali cha njerwa zootcha, mawindo ataliatali ndi kansanja ka belu. Koma chidakhala pamtunda wopapatiza. Kukhomo kwake kudali kabwalo kakang'ono, kenaka chigwembe chakuya chimene idakumba mvula.

Kamerayo Faines adampatsa ndi azakhali ake, amene nawonso adapatsidwa ndi abwana awo ku Lilongwe. Idabwera ndi lenzi imodzi, galasi lija limakhala kutsogolo kwa kamera ngati mphuno. Lenziyo idali katswiri pa nkhope za anthu. Pa ukwati wina idaonetsa mpaka thukuta la mkwati. Koma nyumba inkaidya monyenyanyenya. Apa chitseko, apo theka la windo, basi.

Chithunzi cha nyumba yonse chinkafunika msanga. Akhristu ena a kufupi ndi Chisepo ankafuna mmisiri wowamangira tchalitchi. Wapampando wa komiti yawo, mayi Margareta, adali ataimba foni.

"Kwanuko n'kutali, sitingabwere," adatero. "Titumizireni chithunzi, kuyambira pamaziko mpaka pamtanda. Komiti ikhala pansi Lamulungu tikaweruka."

A Andireya adali atanena kale kunyumba kuti ntchito imeneyi ikawathawa, banja lonse libwerera ku esiteti kukalima fodya wa eni. Kumeneko kudalibe sekondale yapafupi. Faines ankadziwa tanthauzo lake.

"Ndiye funso lili motere," adatero Faines, amene ankakonda mafunso kuposa mayankho. "Wojambula sangabwerere m'mbuyo. Nyumba singasunthe. Chisinthe n'chiyani?"

"Wojambula," adayankha Gift. "Tipeze wamwamuna."

"Diso, chitsiru iwe. Tisinthe diso la kamera."

2. Mawu a ababa

Madzulo a tsikulo Faines adawapeza bambo ake akutsuka zida zawo kuseri kwa nyumba. Adawafotokozera kuti pali malenzi ena oona motambalala, oti munthu ataima pafupi amatenga nyumba yonse. Adawaonetsa ina yatsopano pa foni ya Gift, ya m'sitolo ya ku Lilongwe.

A Andireya adayang'ana mtengo wake nthawi yaitali.

"Imeneyi imabwera ndi ng'ombe zake?" adafunsa.

"Ayi ababa, ndi galasi lokha."

"Ndimayesa ndi mtengo wa ngolo."

Faines adati agwiritsa ntchito ndalama ya mtedza wa m'kamunda kake, imene ankasungira nsapato za kusukulu. Ankakhulupirira kuti yotsika mtengo ipezeka. A Andireya adapukuta manja n'kukhala pa njerwa.

"Mtedza unalima wekha, ndiye sindikuletsa. Koma tamva, mayi. Chida chotsika mtengo chili mitundu iwiri. China chatsika chifukwa chakalamba, china chatsika chifukwa chinabadwa chabodza. Chokalamba chimagwira ntchito uku chikutsokomola. Chabodza chimanyezimira, ndipo chimakunyenga tsiku limene anthu akukuonera. Ine ndili mnyamata ndinagula levulo yoyezera makoma, yokongola, pa msika, yachikasu ngati dzira. Ndinamanga nayo khitchini ya munthu. Levulo ikuti zili bwino, maso anga akuti ayi, ine n'kumvera levulo chifukwa ndinaigula. Mpaka lero mayi wa nyumba imeneyo akaika mphika pansi, msuzi umathawira mbali imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa asakuyesere chida ndi pakamwa pake. Uchiyese wekha, pa chinthu chimene ukuchidziwa kale kuti n'choongoka."

"Ngati chiyani?"

"Iwe si uja umakonda mafunso? Limenelo ndakupatsa laulere."

Faines adayang'ana zida zimene zidali padzuwa. Adatola chingwe chomangira n'kuchiika m'thumba la kamera.

3. Sitayilo ya Vinsenti

M'mawa mwake lidali tsiku la msika pa Kasakula. Pakati pa ogulitsa kaunjika ndi ogulitsa tomato padali Vinsenti, mnyamata wa magalasi akuda amene ankayala matchaja, mabatire ndi timawayilesi pa pepala la pulasitiki. Atamva chimene Faines ankafuna, adapisa m'chikwama n'kutulutsa kabokosi konyezimira.

"Sisi, mwafika. Iyi mumangomangirira kutsogolo kwa lenzi yanuyo. Imatenga dziko lonse. Kumwamba, pansi, mapazi anu, ngakhale amene akukujedani kumbali."

Mtengo wake udali wabwino zedi. Faines akadagula, nsapato akadagulanso, n'kutsala ya mandasi.

"Gula tizipita," adatero Gift.

"Ndiyese kaye. Achimwene, tiyeni kutchalitchi, si patali."

Vinsenti adasiyira mnzake katundu ndipo onse atatu adakwera njinga ya Gift. Atafika, Faines adamangirira galasilo n'kuima m'mphepete mwa chigwembe. Adasuzumira, n'kukuwa.

"Chalowa chonse!"

Chidalowadi, kuyambira pamaziko mpaka pamtanda, pamodzi ndi mbuzi ziwiri zimene sizidaitanidwe. Gift adalumikiza kachingwe n'kusamutsira chithunzicho mu foni yake, uku akuvina. Faines adamujambulanso iyeyo ali pafupi.

Kenaka Faines adachiyang'anitsitsa chithunzi cha tchalitchicho. Makoma a m'mbali adali atatupira kunja ngati mtsuko. Denga lidali litapindika ngati msana wa mphaka.

"Bwanji khomali latupa?"

"Ndi sitayilo imeneyo, sisi," adatero Vinsenti. "Oimba onse akujambulitsa choncho."

"Ababa si oimba."

Adatulutsa chingwe chija. Adampatsa Gift nsonga ina, Vinsenti ina, n'kuwauza kuti akoke mpaka chilire. Chingwe chokokedwa sichidziwa kupinda. Faines adachijambula chili m'mphepete mwa chithunzi. Chidatuluka ngati uta.

Adamasula galasilo, n'kulipukuta bwinobwino, n'kulibweza m'kabokosi.

"Zikomo achimwene. Likasowa wogula, mukawapeze oimba."

Vinsenti sadakwiye. Adaseka, n'kunena kuti pa Malomo pali mdala wina wojambula, a Gregorio, amene ali ndi magalasi akale odzaza kabati.

Chimene Faines sadaone n'chakuti Gift, chifukwa cha chimwemwe, adali atatumiza kale chithunzi chotupa chija pa gulu la pa foni la akhristu a pa Kanthungo. Pansi pake adalemba kuti, "Onani ntchito ya amalume!"

4. Kabati ya a Gregorio

Adafika pa Malomo ali mbuu ndi fumbi. Situdiyo ya a Gregorio idali kachipinda kuseri kwa chigayo, kokhala ndi nsalu yojambulidwa nyumba yosanja imene anthu ankaimirira patsogolo pake. Eni ake adali mkulu wa imvi, wovala tayi ngakhale kunkatentha.

Adamvetsera nkhani yonse, n'kuigwira kamera ya Faines ngati khanda.

"Lenzi yako yalembedwa 50. Nambala ikakhala yaikulu, diso limaona pang'ono koma pafupi. Ikakhala yaing'ono, limaona motambalala. Iwe ukufuna yaing'ono."

Adatsekula kabati n'kutulutsa lenzi yakuda, yolemera, yosupuka utoto. M'mphepete mwake mudali mophwanyika pang'ono. Idalembedwa 12.

"Imeneyi inagwa m'galimoto?" adafunsa Gift.

"Inagwa pa ukwati, mkwatibwi atakomoka. Iwe ndiwe ndani?"

"Mwamuna wake."

"Msuweni wanga, agogo," adatero Faines. "Mutu wake sugwira."

A Gregorio adamangirira lenziyo pa kamera ndipo idalowa bwino, n'kumveka kuti tswa. Kenaka adaimasulanso n'kumupatsa Faines.

"Usanayambe kuikonda, imva zoipa zake. Iyi siidzipezera yokha pooneka bwino ngati yakoyo. Uzipotokola ndi dzanja mpaka chithunzi chiyere. Ana a masiku ano zimenezi amati ndi chilango. Mabala akunja asakuopse, chithunzi sichidutsa mu utoto. Choopsa chili m'kati. Loza kudzuwa usuzumire. Ukaona timizere ngati ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, ndipo lenzi ya chuku usatenge ngakhale akupatse ulere, chifukwa chimafalikira kwa zinzake. Chinanso, mwana wanga. Lenzi yotambalala ili ngati mboni yolongolola. Imanena zonse, zofunsidwa ndi zosafunsidwa zomwe. Ukaiweramutsa kuyang'ana kumwamba, nyumba imaoneka ngati ikugwa chagada, ndipo mmisiri amatukwanidwa pa mlandu wa wojambula. Kamera izikhala yoongoka ngati ukunyamula mbale yodzaza madzi. Denga likakana kulowa, usakweze mphuno ya kamera. Kwera iweyo. Ine ndajambula masukulu ndi zipatala ndili pamwamba pa chulu, tayi ili pakhosi. Anthu ankaseka, koma zithunzi zanga palibe chinagwa."

Faines adaloza lenziyo kudzuwa. M'kati mudali mowala, kupatula kafumbi kamodzi. Adatulutsanso chingwe.

"Agogo, mungandigwirireko uku?"

A Gregorio adakweza nsidze, koma adagwira. Gift adakoka mbali inayo. Faines adapotokola lenzi pang'onopang'ono mpaka chingwe chidaoneka bwino, n'kujambula chili m'mphepete, kumwamba, kenaka kumbali. Konse chidatuluka choongoka. Kumapeto kwenikweni kokha ndi kumene chidakhota pang'ono, moti munthu ankayenera kuchita kufunafuna.

"Mwana wa ndani iwe?" adafunsa a Gregorio.

"Wa mmisiri."

"Zikuoneka."

Mtengo umene adatchula udameza mtedza wonse. Faines adayang'ana nsapato zake, zimene chala chachikulu chidali chitayamba kale kuonera dziko. Gift adamunong'oneza kuti ya Vinsenti ikadalipo. Faines adamasula kansalu kake n'kupereka.

"Nsapato zidikira," adatero. "Komiti siidikira."

5. Mphanda

Ali chapatali pobwerera, adaona anthu ambiri pa tchalitchi. Gift adachepetsa liwiro.

"Kwagwa maliro?"

Sikudagwe maliro. Pabwalo padali ngolo yodzaza mitengo. Azibambo ankatsitsa mphanda, zija amachirikizira zigafa za fodya mphepo ikazipendeketsa. Fodya adali atapita kale kumsika, choncho zigafa zidali zopanda ntchito ndipo aliyense adazula zake. Khoma la kumanja lidali litachirikizidwa kale kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Amayi a kwaya ankatulutsa mabenchi, ena atasenza ng'oma.

Woyang'anira ntchitoyo adali a Yakobo, mkulu wa mpingo, foni ili m'manja.

"Ina apa! Pamimba penipeni apa!"

A Andireya adali ataima pakhomo ndi levulo yawo, thukuta lili kamukamu. Adaiika pakhoma. Kathovu kadakhala pakati.

"A Yakobo, taonani nokha. Khomali lili bwino."

"Amisiri, ife sitikukana. Ndi maso likuoneka bwino. Koma chigafa changa chaka chatha chinkaonekanso bwino, m'mawa ndinapeza chagona pa fodya. Makina aona zimene maso sakuona. Kuchipatala akakujambula m'chifuwa umatsutsa?"

"Chithunzi sichinama," adavomereza mayi wina. "Khomali lili ndi pakati."

Gift adayesa kubwerera m'mbuyo mwakachetechete, koma kumbuyo kudali chigwembe. Faines adamugwira malaya n'kumukokera pakati pa anthu. Adagwada pang'ono pamaso pa a Yakobo.

"Agogo, ndikuonetseni chithunzi china cha galasi lomwelo. Uyu mukumudziwa?"

A Yakobo adasuzumira pa kamera. Padali Gift. Mphuno yake idadzaza theka la nkhope ngati dzungu, maso ali kutali m'mbali, makutu atathawira kumbuyo. A Yakobo adayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana Gift, n'kuyang'ananso chithunzi.

"Mwana wa Roza uyu?"

"Yemweyo. Ngati chithunzi sichinama, mphanda imodzi mumusungire, timuchirikize mphuno."

Kamera idayenda dzanja ndi dzanja. Amayi a kwaya adakhala pansi ndi kuseka. Wina adabweradi ndi kamphanda kakang'ono n'kukaloza pankhope pa Gift. A Andireya adaseka mpaka levulo idagwa.

"Amalume, ine ndimafuna kukutchukitsani," adatero Gift.

"Wanditchukitsa, mphwanga. Palibe mmisiri wina m'Ntchisi muno amene nyumba yake inachirikizidwa isanadwale."

A Yakobo adakanda m'mutu, n'kulamula kuti mphanda zichoke. Koma adapempha kuti imodzi ya kumbuyo itsale mpaka mawa, poti munthu sadziwa. Palibe adawakaniza, chifukwa kumbuyo sikunkalowa m'chithunzi.

Bwalo litayera, Faines adaima pamalo ake a masiku onse m'mphepete mwa chigwembe. Mtanda udatsala kunja kwa chithunzi pang'ono. Adakweza mphuno ya kamera n'kujambula. Makoma adatuluka oongoka, koma opendekera m'kati, tchalitchi chonse ngati chikugwa chagada.

"Chimenecho asachione a Yakobo," adanong'ona Gift. "Azula zigafa za mudzi wonse."

Faines adachifufuta msanga. Adayang'ana uku ndi uku. Chulu padalibe, koma ngolo idalipo. Azibambo adaikankhira m'mphepete, n'kuika miyala kumateyala, ena n'kugwira kutsogolo kuti isagwedezeke. Faines adakwera, n'kuimirira pa mulu wa mphanda. Adagwira kamera ngati mbale yodzaza madzi. Adapotokola lenzi, n'kupuma, n'kudina.

Adatsika n'kuwapatsa bambo ake kamerayo.

M'chithunzimo tchalitchi chidali chonse, kuyambira pamaziko mpaka pamtanda. Makoma adaima njo. Dzuwa la madzulo lidagwera pa njerwa moti mzere uliwonse unkawerengeka. A Andireya adachiyang'ana nthawi yaitali. Pa zaka zonse za umisiri wawo, adali asadaonepo nyumba yawo yonse nthawi imodzi ali pafupi chotere.

"Ndinamanga ine chimenechi?" adafunsa.

Mayi wina adayambitsa nyimbo, ng'oma zimene zidathawitsidwa zija n'kuyamba ntchito pabwalo pomwepo. Gift adatumiza chithunzicho kwa mayi Margareta, Faines atachiona kawiri kuti n'cholondola.

6. Lamulungu

Lamulungu masana banja lonse lidakhala pakhonde. Foni ya Gift idali pampando pakati pawo ngati mlendo. Azakhali a Roza adabwera ndi nzimbe. A Andireya ankanamizira kukonza chogwirira cha fosholo chimene sichidathyoke.

Foni idalira. Gift adaitsekula kuti onse amve.

"Amisiri, muli bwanji kumeneko? Ndine mayi Margareta. Komiti yonse ili pano."

"Tili bwino mayi, kaya inu?"

"Tili bwino. Chithunzi chanu tachiona. Anthu aombera m'manja. Ena akuti ngati za m'tauni."

Azakhali a Roza adayamba kukonza kukhosi kuti alulute. Faines adafinya dzanja la Gift.

"Koma pali kanthu," adapitiriza mayi Margareta. "Kwatipezanso chithunzi china. Chabwera ndi mlamu wa msungichuma wathu, amene anakwatira kwanuko. Tchalitchi chomwecho, mbuzi ziwiri pakhomo, koma makoma ali ngati mtsuko. Tamvanso kuti anthu anachita kubwera ndi mphanda."

Gift adayang'ana kudenga. A Andireya adamukodola Faines kuti ayankhe. Faines adasendera pafupi ndi foni.

"Amayi, ndine Faines, mwana wawo. Ndinajambula ndine zonse ziwiri. Choyambacho ndi galasi loipa, limapinda zinthu zoongoka. Chachiwiricho ndi galasi lina, labwino."

"Zikomo mwanawe, walankhula bwino." Kudamveka manong'onong'o kumbali inayo, kenaka kukoka kwa benchi. "Pano pali aphunzitsi athu opuma, ali ndi funso. Lankhulani aphunzitsi, akumva."

Mawu a munthu wamkulu adamveka, odekha, ngati a m'kalasi.

"Mwati galasi lina limapinda khoma loongoka. Tamva. Nanga linalo lingalephere kuongola khoma lopindika?"